Nsomba Yobereka Popanda Yaimuna

Amuna anga atapeza ntchito yomanga ku Mozambiki, adandisiya kwawo kwa Ndamera, khomo loyandikana ndi mlongo wawo wamkulu. Adandisiyiranso thanki yagalasi pabalaza, momwe munali nsomba ziwiri zoweta zotchedwa moli. Sizidyedwa. Ine mwana wa msodzi wa kwa Mbenje, zodyetsa nsomba m'malo moti nsomba indidyetse ndinkaziona ngati misala, koma ndinkachita. Madzi ake ndinkatunga pamjigo wamchere umene anthu adaunyanyala, poti nsombazi zimakonda madzi otero.

Yaimuna inali yonyada, chipsepse chapamsana chili tambasu ngati thanga la ngalawa. Idafa amuna anga atangochoka kumene, tsiku lina la Okutobala magetsi atazima kuyambira m'mawa, kapampu kampweya kali zii. Ndidaitaya alamu angawo akuona. Idatsala yaikazi yokha.

Masiku omwewo ndidazindikira kuti ndili ndi pakati. Ndidawauza bambowo pafoni ndipo adasangalala. Alamu adangoti "Oho," maso ali pamimba panga.

M'mawa wina ndikusesa ndidaona tinthu tikuyenda m'ndere za m'thankimo. Tinali tiana. Zoti moli siikira mazira, imaswa ana amoyo ngati mbuzi, ndinkazidziwa, choncho ndidati yaimuna idasiya mimba isanafe. Ndidativuula ndi kasefa ka tiyi n'kutiika m'beseni, chifukwa mayi wake amatidya. Koma mwezi utatha idaswanso. Kenako idaswanso.

"Mlamu," adatero alamu ataima pakhomo, "mbuzi yanu yam'madziyi ikubereka ndi mphepo?"

"Kaya, alamu. Ifunseni."

"Nkhabe, ndiri kufunsa imwe. Ndani amalowa muno na yamphongo?"

Ndidamva kumene ankaloza. Kudera konseko woweta nsomba zotere anali mmodzi yekha, mnzawo wa amuna anga wokonza mafoni pamsika, amene adawapatsa nsombazo. Adabwerapo kamodzi masana kudzaona kapampu, chitseko chili pululu, ndipo sadakhale n'komwe pansi. Koma kwa alamu tiana tija tinali mboni yoti bamboyo amabwera mozemba atanyamula yaimuna m'botolo. Ndipo ngati amalowa mozemba, ndani akadakhulupirira kuti amangodzera nsomba?

Nanenso ndidayamba kuwakayikira alamuwo. Kiyi wina wa nyumba ankasunga ndi iwo. Ndidaganiza kuti ndikapita kumunda amathiramo timatemba takudambo kuti apeze nkhani. Ndidatenga kamodzi pachikhatho n'kukakayang'anitsitsa padzuwa, koma kanali kamoli ndithu. Ndiye ndidati agwirizana ndi wokonza mafoni uja. Pochoka ndinkawaza phulusa pakhomo kuti ndione mapazi a wolowa, koma ndinkangopeza a abakha. Kumjigo wamadzi akumwa, amayi ankadula nkhani ndikamafika, ena n'kundipatsa moni wautali mopitirira muyeso. Ndidafuna kuitaya m'chimbudzi nsombayo, koma akadati ndabisa umboni. Ndinkaidyetsa uku ndikuitukwana. Ndinkaopa chinthu chimodzi: kubwezedwa kwa Mbenje ndi mwana wokanidwa ndi bambo ake.

Amuna anga adabwera mvula ili mkati, mimba yanga itatuluka bwino. Asanavule n'komwe nsapato, alamu adawakoka dzanja mpaka pathanki n'kuwayalira nkhani yonse, ine ndili chiimire ndi kapu ya madzi m'manja.

Bambowo adaseka mpaka kugwira tebulo.

"Achemwali, nsomba iyi imasunga mbewu ya yaimuna m'thupi. Ikakumana nayo kamodzi, imabereka yokha miyezi ingapo. Ilibe mlandu iyi." Adagogoda galasi ndi chala ngati akupepesa nsombayo.

Mtima wanga udakhala pansi. Ndidatsala pang'ono kulira ndi chisangalalo, ndipo ndidakonzeka kuwayang'ana alamu m'maso.

"Za nsomba tamva," adatero alamu. "Nanga uyu?"

Amuna anga adaleka kuseka. Adayang'ana mimba yanga nthawi yaitali, milomo ikugwedera pang'onopang'ono, ndipo ndidadziwa kuti akuwerenga miyezi. Kenako adalandira kapu ija, osandiyang'ana kumaso.

"Tiona mwanayo akabadwa," adatero.

Mwanayo adabadwa nthawi yake, mphuno ndi makutu kutengera bambo ake, ndipo woyamba kuimba nthungululu anali alamu omwewo. Ukwati ulipobe, timadya ndi kuseka ngati anthu ena onse. Koma zidandipweteka, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Nsomba adaiyankhira pomwepo asanakhale n'komwe pansi, ine mkazi wawo adandisiya kuti nkhope ya mwana idzandiyankhire.