Chitsime cha kudambo ndi mawaya anga awiri

Mkazi wanga anamwalira ndi matenda otsekula m'mimba mvula itangoyamba. Tinkakhala kwawo ku Zingalume, ine monga mkamwini. Mwambo ndinkaudziwa. Akadzandisudzula ndidzabwerera kwathu ku Mlolo, koma mwana wathu wamkazi wa zaka ziwiri adzatsala ndi apongozi. Ndipo apongozi madzi akumwa ankatunga pachitsime cha kudambo. A pamjigo ankawakana, ati amamveka chitsulo mkamwa.

Kukoleji ku Chipata ndinaphunzira zamagetsi, ndipo kulumikiza timawaya ndinkakukonda. Ndinaganiza kuti apongozi akaona ndi maso nambala yosonyeza kuipa kwa madzi a pachitsime sangaitsutse. Ndinalumikiza kabolodi ka zamagetsi, batire ndi kagalasi koonetsa manambala, n'kumangirira mawaya awiri a kopa kunsungwi. Ukawaviika m'madzi, magetsi amadutsa pakati pawo. Mchere wosungunuka ukachuluka, nambala imakwera.

Kachipangizoka kanandivutitsa milungu itatu. Mawaya ankachita ndere zobiriwira, nambala n'kumangoyendayenda. M'malo mwake ndinaikapo masipoko a njinga, n'kukonza kuti magetsi azisinthasintha kolowera. Kanakhazikika. Ndinkayesera madzi a mvula ndi madzi othira mchere basi. A pachitsime ndi a pamjigo sindinawayese. Ndinkaona ngati yankho ndikulidziwa kale.

Mkamwini sakhala mphasa imodzi ndi apongozi, choncho ndinapempha mlamu wanga, mkulu wake wa malemu, kuti azigwira makapu. Apongozi anakhala pakhonde, ine chapatali pansi pa mango.

"Alamu, lero muwedza nsomba m'kapu?" anatero mlamu wanga.

"Ingowerengani nambala. Ikakwera ndiye kuti m'madzimo muli zinthu zambiri."

Tinaviika m'madzi a pachitsime. Nambala inali yochepa. Tinaviika m'madzi a pamjigo. Inakwera kwambiri.

"Amayi, mwamva? Makina a alamu akuti oipa ndi a pamjigo!"

"Si ndinkanena ine," anatero apongozi, maso ali kumbali. "Uwathokoze bambo a mwana."

Chifukwa chake ndinkachidziwa, ndinachilembapo ngakhale pamayeso. Madzi a pamjigo amachokera pansi pa miyala, amatengako mchere. A pachitsime ndi a mvula ya dzana. Tizilombo ta matenda sitisuntha nambala ngakhale pang'ono.

"Alamu, auzeni kuti tizilombo sitioneka pamenepa."

"Nanga mwatiitanira chiyani?"

Ndinakulunga mawaya anga. Pofika madzulo nkhani inali itafika m'makomo ena, akuti wakukoleji wayeza, chitsime chilibe mlandu.

Anandisudzula titakolola. Tsopano Loweruka lililonse ndimapalasa njinga kukaona mwana, ndipo ndimayamba ndaima pamjigo kudzaza zigubu ziwiri. Apongozi amazilandira mwaulemu, mpaka kuwomba m'manja. Mlungu wathawu ndinachoka, kenako ndinabwerera kudzatenga pampu ya njinga. Ndinapeza madzi anga ali m'beseni, akuchapira zovala. Mwana anali pakhomo, akumwa a mumtsuko, a pachitsime aja.