Thabwa Nambala 47

Dzina loti a Sikweya, la chida chija choyezera makona, sanadzipatse okha. Anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa bamboyu mpando ukapendekeka pang'ono ankauphwasula, ngakhale mwini wake ataukonda kale. Zaka makumi anayi ali m'shedi imodzimodziyo kuseri kwa nyumba, pensulo ili kukhutu, utuchi uli mbuu m'tsitsi. Pakamwa pawo sipankachoka mawu akuti, "Thabwa silinama, amanama ndi kalipentala." Akazi awo ankawabwereza mawuwa kwa alendo, monyadira ndithu. Koma inu, anthu amanyadira zinthu!

Tsiku lina panafika lole itanyamula boti lakale lampikisano, lalitali, lowonda, penti itasendeka. Kutsogolo kunatsika mayi wina wamagalasi, mwana wa malemu mwini botilo.

"Bambo anga ankati botili woligwira ndi inu nokha," anatero mayiyo. "Muliphwasule lonse. Thabwa lowola tisintha, labwino tibwezera pamalo pake. Koma musataye kanthu, ndikufuna ndidzaone chilichonse ndi maso angawa."

"Palibe vuto, mayi," anayankha a Sikweya, thukuta lili kamukamu.

Vuto linalipo. Zaka makumi atatu zapitazo, kutatsala tsiku limodzi kuti mpikisano uchitike, botili linagunda chitsa m'madzi n'kubooka kumimba. Pankafunika thabwa louma, lolimba, ndipo m'shedi munalibe. Akazi awo anali atapita ndi mwana kukaona mayi awo. Dzuwa lili paliwombo, a Sikweya anazula chitseko cha kukhitchini, anachicheka, anachipala mbali imodzi, anachikhoma pabotipo n'kupaka penti. Boti linapambana, ndipo dzina lawo linatchukira pomwepo.

Mayi a m'nyumba atabwerako anapeza khitchini ili yasa. Pakhomopo pankakhalanso mng'ono wa a Sikweya, lova wokonda juga, ndiye mlandu sunavute kuweruza. Mayi anamutcha mlamu wawoyo mbava, aneba akumva. Iye anayang'ana mkulu wake. Mkulu wake anali otanganidwa kunola pulena. Mlamuyo anatenga chikwama chake n'kumapita, ndipo kuyambira pamenepo akakumana ndi mayiwa paukwati kapena pamaliro, aliyense ankayang'ana kwake.

Lero chitseko chija chinali chitabwerera pakhomo, chitakwera lole.

A Sikweya anayambira kumutu kwa boti. Masikuluwu amkuwa anali atabiriwira, ena akuduka mitu, ena ofuna kuwanyengerera ndi mafuta tsiku lathunthu. Thabwa lililonse asanalichotse ankalilemba nambala ndi choko, kenako n'kuliyala pansi pamzere, lina pambuyo pa linzake. Ndi mmene ankagwirira ntchito chiyambire, ndipo dzanja linkalemba lokha mutu uli kwina. Matabwa ambiri ankangonyenyeka m'manja ngati buledi wadzana. Ntchito ya milungu iwiri anaikoka mpaka isanu, akulizungulira thabwa limodzi lija, mpaka analibenso kwina kozungulira.

Nzeru anali nayo: kulichotsa, kuliwaza, kulisonkheza pamoto, nkhani yatha. Koma atawerama kuti ayambe anaona kuti analilemba kale. Nambala 47, ndi dzanja lawo lomwe, mooneka bwino. Kumanzere kwake 46, kumanja 48, mpaka 90 uko. Akaliwotcha, mzere ukhala ndi gweru, ndipo mayi wamagalasi uja kuwerenga amadziwa. Akati afufute manambala onse n'kuyambiranso, ndiye kuti matabwa makumi anayi anama. Anagwira nsanza, anainyowetsa, anaimirira nayo mpaka inauma. Kunamiza mkazi zaka makumi atatu anakwanitsa, koma kunamiza choko zinawakanika. Analiyala pamzere chafufumimba, mbali yapenti ili kumwamba.

Mayi wamagalasi uja anabwera Lachisanu. Mayi a m'nyumba anabweretsa tiyi pathireyi n'kuima pakhomo la shedi kuti amve amuna awo akuyamikiridwa. Mlendoyo ankayenda pamzerewo akugogoda thabwa lililonse ndi chogwirira cha nyundo. Lowola. Lowola. Ilinso lowola. Atafika pa 47 linalira go! go!

"Eee, imvani!" anafuula. "Mitengo yakale imeneyi. Amisiri a nthawi imeneyo sankachita zachinyengo ngati a masiku ano."

A Sikweya anatsokomola.

Mlendo analitembenuza thabwalo. Mbali yosapala ija inali ndi mabowo atatu a hinjesi, ndipo m'mphepete munali timizere tochekedwa ndi mpeni, kena pamwamba pa kanzake.

"Izi ziyenera kukhala zizindikiro za amisiriwo," anatero. "Mwina ankayezera kuzama kwa madzi."

Mayi a m'nyumba anatula thireyi pabenchi mosamala. Anayandikira, anagwada, n'kuika chala pakamzere kam'munsi.

"Si madzi ayi. Uyu ndi mwana wanga ali ndi zaka ziwiri. Apa zitatu. Apa ndi chaka chimene anadwala chikuku, mukuona sanatalike kwenikweni. Ndinkamuimika pachitseko, mpeni uli pamutu."

Mlendo anavula magalasi, anawavalanso, kenako anakumbukira kuti wasiya foni m'galimoto.

M'shedi munatsala awiri. A Sikweya anadikira mkuwo, mwina kapu yowuluka. Zikanawapepukira. Koma mayi anangokhala pansi pautuchi, thabwa lili pamiyendo, ndipo manyazi amene anawagwira mayiwo anali owawa kuposa mkwiyo.

"Abambo, munthu uja ndinamutukwana pagulu. Ana ake akula osalawa madzi a m'nyumba muno. Inu muli phee, mukunola pulena."

"Ndinkati ndikuuzani."

"Liti? Pamaliro anga?" Anaimirira n'kukutumula chitenje. "Kavaleni nsapato. Tikupita kwa alamu, lero lomwe. Ndikawagwadira ine, koma mukayambe ndinu kuwauza amene anazula chitsekochi."

A Sikweya anachotsa pensulo kukhutu n'kuiyang'anitsitsa.

"Akudziwa kale, mayi. Ine ndinkamasula mahinjesi, iye atandigwirira chitseko kuti chisagwe."