Yamikani wang'amba yekha masamu okopera

"Bambo, choipa kwa inu si choipa kwa aliyense!" Umu ndi mmene Yamikani, mwana wanga wa Folomu 4 uja, anandikalipira dzulo. Moni nonse abale.

Ndinamupeza pakhonde ndi anzake, akukopera mayankho a masamu m'kope la mnzake. Nditamuuza kuti kumeneko ndi kuba, iye akuti chabwino ndi choipa zimatengera kumene munthu wakulira, palibe woweruza mnzake. Mtima wanga mukuudziwa, lamba ndinali nditavula kale.

Ndiye mtsikana wina wa ku Bwanje, Chisomo, maso ali pa masamu ake, anangoti, "Basitu Yami, atsamunda aja sanalakwe pomanga agogo ako chifukwa chokana malimidwe amene ankawakakamiza. Kwawo zinali zabwino."

Mnyamata anang'amba yekha tsambalo n'kuyambiranso, Chisomo akumulondolera. Lamba ndinabwezera m'chiuno. Ndikuthokoza Mulungu, chifukwa ndikanamumenya akanangouma mutu, chonsecho mayeso ali pafupi.

Abale, mwana wa eni ake wotere timamuthokoza bwanji? Ine lero m'mamawa ndakumba mbatata ya kachewere yodzaza dengu, ndakatula kwa azakhali ake kumene amakhala.