Manja Amene Analuka Achemwali Anga

Ndinadzuka kusanache, mwana akundikoka bulauzi, msana utauma ndi simenti. Sindikudziwa ngati ndinagona n'komwe. M'nyumba monse munali amayi, ena atatsamirana, ena akugona chokhala, nyimbo zitatha, kwangotsala amayi awiri a mpingo akung'ung'udza pansipansi pafupi ndi bokosi. Panja abambo anali chete kuzungulira moto, makolala a majekete ataimika. Chiperoni chinali chitagwa, kamvula kaja kosamveka padenga koma konyowetsa chilichonse.

M'bokosimo munali achemwali anga. Tinabadwa awiri basi. Makolo athu anatsogola kale, ndipo kumudzi kopita nawo maliro tilibe, agogo athu anachokera ku Mozambique pothawa nkhondo, ndiye kwathu ndi konkuno ku Chilobwe, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene tinkakhala iwo, ine ndi mwana wanga. Bambo a mwanayu anapita ku Joni ndili ndi pakati, foni yawo mpaka lero sipezeka.

Ndinene kaye za sitiraka kuti amene simutidziwa mumve. Tonse awiri tinkagwira ntchito pa saluni ina ku Limbe, iwo oluka, ine wotsuka mitu. Tinalipo atsikana asanu ndi anayi. Kuimirira kuyambira m'mawa mpaka mdima, mpando ndi wa kasitomala yekha, kudyera kuseri pafupi ndi chimbudzi, mankhwala owongolera tsitsi kupaka ndi manja opanda magolovesi, malipiro osafika nawo pakati pa mwezi. Achemwali ndi amene anauza Madamu, eni ake saluniyo, kuti sitigwiranso mutu wa munthu mmenemo mpaka zinthu zisinthe. Tinatuluka tonse tsiku limodzi.

Anthu a kuno anaima nafe, izi ndisaname. Amayi amene ankakwera minibasi kupita ku Limbe anayamba kubwera pakhonde pathu, kudzalukitsa atakhala pa ndowa. Wina kubweretsa ufa, wina makala, wina kungondinyamulirako mwana. Amayi oyandikana nafe nyumba, ogulitsa mandasi, ndi amene ankayenda khomo ndi khomo kuuza anzawo kuti ku saluni ija osapondako. Pakhondepo tinkaluka basi, zowongola tsitsi ayi, draya tilibe, madzi ndi ogula pampopi. Sabata yachisanu, achemwali anagwa pomwepo chipeso chili m'manja. Miyendo inali itatupa kalekale. Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Anagona masiku atatu, Lachinayi n'kutisiya.

Kutayamba kuyera, amayi anatuluka kukasonkha moto kuseri. Nkhuni zinali zonyowa, utsi ukungozungulira pansi osakwera, aliyense akutsokomola ndi kupukuta maso, moti sumadziwa amene akulira ndi amene utsi wamulowa. Anateleka nyemba, ena akudula kabichi pa lichero. Ndinamva amayi a mandasi akukalipira mnzawo: "Inu, mchere umenewo mukuthira ngati mwakwiya ndi amuna anu!" Anaseka pang'ono, kenako n'kukumbuka, n'kubwerera ku miphika.

Anzathu a ku saluni anafika dzuwa lisanaoneke, onse asanu ndi awiri, atavala nsalu zofanana. Anapempha chinthu chimodzi, kuti anthu asanaone nkhope awaluke achemwali, aliyense mzere wake. Tsitsi lawo linali litapotana ndi kugona kwa kuchipatala, ndipo munthu amene analuka theka la Limbe sangapite choncho. Amayi akulu a mpingo anayamba akana, kenako anatseka chitseko ndi kunena kuti, "Mwachangu atsikana, kuno si ku saluni, abusa akubwera."

Ine ndinagwada kumutu, mwana kumsana, nditagwira chipeso ndi kabotolo ka mafuta. Nkhope sindinathe kuiyang'ana, ndiye maso anga anali pa manja.

Tili pantchito, manja athu tonse anali ofanana, khungu losupuka pakati pa zala, zikhadabo zofewa ngati pepala, timabala tofiira toti ukagwira sopo umaluma mano. Mankhwala aja amatero. Koma masabata asanu osawagwira, manja anapola. Achemwali ankawaonetsa anthu pakhonde akuseka, amvekere, "Taonani, ndabwerera ku sitandade wani." Ndiye woyamba analuka mzere wake, manja osalala. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu atatambasula zala ndinaona zofiira, zatsopano, zonyowa. Ndinati mwina wapsa ndi moto. Wachinayi nayenso. Womaliza anali mnzawo weniweni wa achemwali, amene ankagwira nawo pagalasi limodzi zaka zonsezi, amene analira kuposa ine tsiku lotenga thupi. Anali atakokera manja a juzi mpaka kunsonga kwa zala, koma munthu sungaluke choncho, anapinda basi. Pakati pa zala ponse panali posupuka.

Anaona kuti ndaona. Anamaliza mzere wake bwinobwino, wowongoka, n'kuweramira kukhutu kwanga.

"Usandiyang'ane choncho, mng'ono wanga. Ndili ndi ana atatu."

"Mwayamba liti?"

"Lachitatu. Timalowera kuseri kwa saluni."

Lachitatu achemwali anali akupumabe. Ndinali nditakhala pambali pa bedi lawo ndikuwauza kuti atsikana onse alimba, palibe wabwerera.

Sindinauze munthu. Ndikanauza ndani, ndipo kuti zitani? Ndinangotseka kabotolo kaja n'kukakhala pakona pamene anandiika ngati mwini maliro.

Anthu anabwera ambiri, sindinaonepo. Amayi a mumsika, anyamata oitanira minibasi atavula zipewa, atsikana a masaluni ena a ku Ginnery Corner ndi m'tauni, ena sindikuwadziwa n'komwe, akungondigwira dzanja. Malo anatha, ena anaima mumsewu pansi pa maambulera, ena atafunda majumbo kumutu. Bambo wina wa m'dera lathu atapatsidwa mpata wolankhula ananena kuti sitiraka siikidwa m'manda limodzi ndi munthu, kuti ana awa asanu ndi atatu atsalawa tiwagwire mpaka apambane. Anthu anavomera ndi mawu apansi, amayi ena akugwedeza mitu. Ine ndinayang'ana anzanga aja. Atatu anali atabisa manja m'nsalu.

Mapemphero ali m'kati, kunabwera galimoto yakuda, ikuyenda pang'onopang'ono kuopa matope. Anali Madamu, achokera kwawo ku Namiwawa, dalaivala atawagwirira ambulera, iwo atanyamula nkhata yaikulu ya maluwa enieni. Kunamveka kung'ung'udza. Mayi wina kumbuyo kwanga anati, "Abwera kudzaona ngati afadi." Wina anati, "Asiyeni, maliro sathamangitsa munthu." Madamu anavula nsapato pakhomo, anagwada monga agwadira aliyense, ataona nkhope analira, misozi yeniyeni, ndinaiona ikugwera pa bokosi. Anati malukidwe ake ndi okongola. Kenako anakwawa kufika pamene ndinali, anandigwira phewa, anasisita mwana patsaya, n'kulankhula motsitsa kuti ndimve ndekha.

"Pepa mwanawe. Galasi la achemwali ako ndakusungira, ndikuphunzitsa kuluka bwinobwino. Ukabwera Lolemba ndi lako. Ukapanda kubwera, pali atsikana akudikira pakhomo tsiku lililonse. Koma mwanayu umusiye kunyumba."

Za magolovesi sananene. Za mpando sananene. Inenso sindinafunse, ndinangoti zikomo. Eti ndinati zikomo.

Tinanyamuka masana. Lole inakanika kukwera kamtunda kathu chifukwa cha matope, ndiye abambo ananyamula bokosi pamapewa, akusinthana osaima, amayi a mpingo patsogolo ndi nyimbo, ife pambuyo. Phiri la Soche silinkaoneka, nkhungu yokhayokha. Masilipasi anga ankatsalira m'matope, amayi awiri atandigwira uku ndi uku, mwana akulira kumsana chifukwa cha kuzizira. M'njira anthu ankatseka maokala awo, ena kuima pambali manja kumbuyo.

Kumanda ndinachita chinthu chimene ndikuchita nacho manyazi. Pamene abusa ankawerenga, pamene adzukulu ankatsitsa achemwali anga ndi zingwe, ine ndinali kuyang'ana mitu ya anthu. Sindinafune, maso ankangopita okha. Pamaliro mayi aliyense amamanga duku, ndiye sungadziwe za tsitsi lake, koma mvula inali itanyowetsa maduku, ena akutsetsereka, ena akumasula kuti afinye. Ndipo tsitsi longowongoledwa kumene likanyowa limanunkha mankhwala, fungo limenelo ine ndingalidziwe ngakhale m'tulo. Linali kumanja kwanga. Linali kutsogolo. Mayi wina amene ankakhala pa ndowa yathu sabata ndi sabata, amene anatibweretsera makala kawiri, tsitsi lake linali lowongoka, lonyezimira, likutuluka kuseri kwa khutu. Sindikuwanena. Kukubwera maukwati, ena amagwira m'maofesi, munthu sangayende ndi mizere ya pakhonde mpaka kale. Anabwera kudzalira nafe ndi mtima wonse, ndipo ku saluni anapitanso. Zonse ziwiri ndi zoona.

Anandipatsa dothi m'dzanja kuti ndiponye. Linali lonyowa, linakana kuchoka, ndinachita kukutumula. Kenako mafosholo, mwachangu, chifukwa mvula inali ikukula. Nkhata ya Madamu anaiika pakati poti inali yaikulu kuposa zonse. Atsikana anayi aja a manja opola anaima pamodzi, atatu aja anaima poteropo, ndipo ndinaona kuti anayiwo akudziwa, mwina anadziwa kale ine ndisanadziwe. Mmodzi anandiyang'ana ngati akufunsa kuti nanga iwe. Ndinaweramitsa mutu n'kukonza nsalu ya mwana.

Pobwerera anthu anasamba m'manja pakhomo, anadya, n'kuyamba kutsanzika. Wina ndi wina, "Limbani mtima, tili nanu." Anyamata anabweza mabenchi kutchalitchi. Amayi anatsuka miphika, aliyense n'kutenga wake, nkhuni zotsala anandiunjikira pakhonde. Amayi awiri amene anati adzagona nane anapita kaye kwawo kukaona ana.

Dzuwa likulowa ndinatsala ndekha ndi mwana. Nyumba inakula. Pansi ponse matope a mapazi a anthu, mphasa zitapindidwa pakona, fungo la utsi m'makatani. Mwana anagona. Ndinakhala pansi ndikumva madontho akugwa kuchokera kumalata, ndikuganiza za Lolemba, kuganiza kusiya, kuganizanso. Ufa umene watsala pamaliro utha. Pakhonde anthu ankabwera chifukwa cha achemwali, ine mizere yanga imakhota, ndani adzakhale pa ndowa chifukwa cha ine?

Amayi a mandasi anagogoda, analowa ndi tiyi m'kapu, anakhala pafupi nane. Anamasula duku kuti aumitse, tsitsi lawo lili lomwe lija, losawongola, mizere yakalekale ya achemwali itayamba kumasuka. Masabata onsewa sanapondeko ku Limbe. Anayamba kundiuza mapulani, kuti mawa akatuluka m'tchalitchi ayendanso khomo ndi khomo, kuti alankhula ndi amayi a mumsika, kuti anthu aona lero ndi maso awo, Madamu agonja basi. Ankalankhula ndi mphamvu, akumenya bondo langa ndi chala.

Ndinawasiya amalize. Kenako ndinati, "Amayi, Lolemba mungandisungireko mwana?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ana mwana pamphasa. Sanafunse kuti ukupita kuti. Anamanganso duku lawo lonyowalo pang'onopang'ono, anaimirira mogwira khoma, pakhomo n'kutembenuka.

"Ubwere naye m'mamawa, ndisanateleke mafuta. Umuveke zotentha."

Anatseka chitseko bwinobwino kuti mwana asadzuke. Tiyi uja anazizira ndili chigwirire.