Kabotolo ka Asiyatu m'minibasi ya ku Nsanama

Lachiwiri lapitali ndinakwera minibasi pa Nsanama pobwerera kwathu ku Balaka. Tisananyamuke panabuka mkangano. Kondakitala ankafuna kuti mayi wina wachitsikana aike kabokosi kake kumbuyo, pansi pa madengu a matemba ochokera ku Chiuta. Mayiyo anakanitsitsa, n'kukhala nako pamiyendo.

Atatembenuka ndinamuzindikira. Anali Asiyatu, mwana wa a Saidi, asodzi a ku Chiuta, yemwe ndinamuphunzitsa masamu ndisanapume pantchito. Titalonjerana anandiuza kuti tsopano amaphunzitsa ku yunivesite ndi kuchita kafukufuku, ndipo ankachokera kusukulu yake yakale kumene anakacheza ndi ana a Fomu 4.

Mayi wogulitsa matemba, mwini wa madengu aja, anafunsa chomwe chinali m'bokosimo. Asiyatu anatsegula. Munali kabotolo kagalasi kotalika ngati chala, kotsekeka mbali zonse, kooneka kopanda kanthu. Anati amakagwiritsa ntchito ndi leza.

"Lezala? Mumameta anthu?" anafunsa mayiwo.

Tonse tinaseka, iyenso anaseka. Kenako anafotokoza, Chichewa pang'ono, Chiyao pang'ono. Anati mawu amene timatumizirana pafoni, pamtunda wautali amayenda m'timawaya tagalasi ta faiba, tija amatikwirira m'mbali mwa msewu. Chimene chimawanyamula ndi kuwala kosaoneka ndi maso, kochokera m'kachipangizo kotchedwa leza. M'kawaya kamodzi mumadutsa kuwala kwa mitundu yambiri, mtundu uliwonse ndi katundu wake. Vuto ndi lakuti kukatentha kapena kuzizira, leza imasuntha pang'ono pa mtundu wake, n'kuyamba kulowerera wa inzake, mauthenga n'kusokonekera.

M'kabotolomo, anatero, muli mpweya wa chinthu chotchedwa rubidiyamu. Maatomu ake amameza kuwala kwa mtundu wakewake, ndipo sasintha khalidwe. Ndiye iye amapatutsako kuwala pang'ono n'kukudutsitsa m'kabotolo. Leza ikangosuntha, maatomu amachepetsa kumeza, makina n'kudziwa, n'kuibweza pamalo pake. Pali kanjira kena komwe kuwalako kumayamba kwadutsa kuti kagwirizane ndi maatomuwo. Pamenepo ndivomere, ndinasochera.

Amene anafunsa funso lanzeru anali kondakitala yemwe uja. Anati kodi mpweya wotere ku Malawi kuno umagwira bwino ngati kwa azungu?

"Atomu ya rubidiyamu ndi imodzimodzi pa Nsanama ndi kwina kulikonse," anayankha Asiyatu. "Ndikayeza ine kuno, wina n'kuyeza kutsidya kwa nyanja, tipeza zofanana."

Abale, mtima wanga unadzaza. Koma munalinso manyazi.

Mwanayu atasankha fizikisi, ine ndinapalasa njinga mpaka kwa bambo ake. Ndinawauza kuti amukambirire achite zaunamwino kapena zauphunzitsi, chifukwa zinazi n'zovuta kwa mtsikana ndipo kuno kwathu sadzazigwiritsa ntchito. A Saidi ankasoka ukonde. Anandimvetsera mpaka kumaliza, nandithokoza, nandipatsa nsomba zouma za makumba. Ndinabwerera ndikuganiza kuti tamvana.

Titayandikira pa Liwonde ndinamufunsa ngati nkhaniyo anaimva. Anati bambo ake anamuuza tsiku lomwelo.

"Anati, aphunzitsi ako amakukonda, koma ali ndi mantha. Mantha awowo asakhale ako."

Ndinati ndipepese, iye anati iyayi, masamu amene amagwiritsa ntchito lero anawayambira m'manja mwanga. 

Ndi angati mwa ife amene tachitapo zimene ndinachita ine? Mwana akatchula maphunziro omwe sitikuwadziwa, timathamangira kumufunsa kuti zimenezo adzadyera kuti. Timati tikumuteteza. Foni tili nayo m'thumba, netiweki ikavuta timadandaula, koma mumtima tinakhazikitsa kale kuti zam'katimo ndi nzeru za anthu ena, ife yathu ndi kugula yunitsi basi.

Pajatu mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Msodzi amene sanapite patali ndi sukulu anazidziwa zimenezi, mphunzitsi wokhala ndi satifiketi ine n'kuziphonya.

Pa Liwonde kondakitala anatsika msanga, natsegula chitseko bwinobwino, nauza anyamata a kabaza kuti apatuke adutse adokotala. Mayi wa matemba anamugwira dzanja Asiyatu, namuuza kuti ali ndi mwana wamkazi wa Fomu 1 amene amakonda kumasula wailesi, ndipo wakhala akumukalipira. Asiyatu anawalembera nambala yake papepala, nati mwanayo adzamuimbire.

Inuyo kwanuko, mwana amene akumasula wailesi uja mwamuuza chiyani sabata ino?