Mchenga Sindiumva

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinasiya kuyankhula. Sindinadwale, ndipo palibe anandilodza monga ankanenera ena. Ndinangouzidwa kuti nditseke pakamwa, ine n'kumvera mopitiriza muyeso.

Amama anamwalira ku Nkhunga m'nyengo yadzinja, bambo atatsogola kale. Tinatsala awiri, ine ndi mlongo wanga Yotamu wa zaka zinayi. Tsiku la maliro iye anakamusungitsa kwa anansi kutsidya kwa msewu, akuti mwana wamng'ono saona bokosi. Titabwera kumanda, amalume anandiitanira kuseri kwa nyumba, matope a kumanda adakali kumapazi kwawo.

"Tamala, iwe ndiwe wamkulu. Mnzakoyu tamuuza kuti amake apita kuchipatala ku Mzuzu. Ukangomuuza zina, mtima wake usweka, ndipo mlandu udzakhala wako. Wamva?"

Ndinagwedeza mutu. Tsiku lomwelo Yotamu anandikoka diresi n'kufunsa kuti amama abwera liti. Mawu anakwera mpaka pakhosi, ndinawameza. Anafunsanso m'mawa mwake, anafunsanso tikudya. Kunama sindinkatha, kunena zoona ndinaletsedwa. Ndinaona kuti ndikangotsegula pakamwa, ngakhale kupempha madzi, chinthu chija chitulukira pomwepo. Choncho ndinatseka zonse.

Patatha sabata abale anagawana katundu: mapoto, zitenje, njinga ya bambo, kenako ife. Amalume anatenga Yotamu kupita naye ku Kanyenda. Ine palibe ananditchula, poti ndani angafune mtsikana wosayankha moni? Amene anadzuka ndi munthu wosakhala mbale n'komwe, Mayi Asiyatu a ku Mwadzama, amene ankachita geni ya usipa ndi amama. Azakhali ena anang'ung'udza kuti mwana wa Mkhristu akamuveka mpango kwa Asilamu. Koma ong'ung'udzawo palibe anati bwera kwathu, ndiye nkhani inatha msanga.

Nyumba ya ku Mwadzama inkanunkha nsomba ndi chinangwa choviika. Amuna awo a Mayi, a Saidi, anali msodzi wosachuluka mawu, wokonda ulemu. Ankandipatsa moni m'mawa uliwonse, ine n'kungogwada, maso pansi. Kusukulu zinali zoipa kuposa apo. Ndinali Sitandade 3 ndipo kuwerenga ndinkadziwa kale, amama anandiphunzitsira m'buku la nyimbo. Koma aphunzitsi akanditchula kuti ndiwerenge mokweza, ndinkangoima ngati mtengo. Ndodo inayesedwa, sinathandize. Anzanga anandipatsa dzina loti Nachete, ndipo linandimatirira. Pomaliza ahedi anaitanitsa Mayi n'kuwauza kuti mwana wosayankhula sangapitirire kalasi, ndi bwino ayambe wakhala kunyumba.

A Saidi atamva zimenezi anaika malire. Ndinawamva ndili pakhonde ndikusenda chinangwa.

"Ikangotha Idi mukam'tule kwa abale ake. Anthu aziti timam'zunza m'nyumba muno. Ifeyo tayesa."

Ndinkadziwa tanthauzo la kubwezedwa. Amalume ananena kale pamaliro kuti mtsikana akakanika sukulu, kuli mabanja m'tauni ofuna wolera ana. Ndinachita mantha kwambiri, koma manthawo anangomanga pakamwa panga zolimba.

Mayi Asiyatu sanapite nane kwa asing'anga kapena kwa ashehe, ngakhale alangizi analipo ambiri. Iwo ankangoyankhula. Mayi ameneyo kuyankhula kunali ngati kupuma. Ankakalipira nkhuku, kudandaulira mitambo, kunyoza usipa wochedwa kuuma pathandala. Ine ankandifunsa mafunso tsiku lonse, ndipo akafunsa ankadikira pang'ono, kundisiyira mpata woti ndiyankhe. Ndikapanda kuyankha sankakwiya, ankangopitiriza. Chinanso, ankatchula amama. Anthu onse ankalizemba dzinalo ngati lili ndi minga, koma iwo ankangoti, "Amako usipa ankautembenuza chonchi, ndipo ankandiseka kuti ndine waulesi."

M'mawa uliwonse tinkapita kudoko kukadikira maboti. Boti lililonse lili ndi dzina lake lolembedwa ndi penti m'mbali. Tsiku lina Mayi anandigwira phewa n'kuloza.

"Tamala, ilo lalembedwa chiyani? Ine sukulu ndinangoidutsa panja popita kumadzi."

Ndinagwada n'kulemba dzinalo pamchenga wonyowa ndi chala. Anaziyang'ana zilembozo nthawi yaitali, mutu atapendeketsa.

"Zokongola ndithu. Koma mwanawe, mchenga sindiumva ine."

Ndinapsa mtima. Ndinkaganiza kuti munthu wamkulu chonchi angalephere bwanji zinthu zoti mwana wa Sitandade 1 amadziwa? Koma mawa lake anafunsanso, ine n'kulembanso, iwo n'kubwerezanso mawu omwewo. Unakhala mwambo wathu. Ndiyeno ndinazindikira kanthu: pamaso pa munthu wosadziwa kuwerenga ndikhoza kulemba chilichonse popanda mlandu. Kuyambira pamenepo ndinasiya kulemba maina a maboti. Akaloza boti, ine ndinkalemba mawu awiri aja amene ankandikhala pakhosi, kenako n'kudikira kuti funde liwafufute.

Mwezi wa Ramazani unali kumapeto. Anthu anayamba kale kukamba za zovala za Idi, ine ndikuwerengera za ulendo wanga. M'mawa wina kunali mwera, maboti anachedwa, ndipo mphepo inkatimenya ndi mchenga kumiyendo. Boti loyamba litatulukira, Mayi analoza, ine n'kulemba. Ulendo uno sananene zokongola. Anakhala pansi pamchenga pomwepo, mayi wamkulu wosala kudya, n'kutchinga zolembazo ndi mkono kuti madzi asafikepo.

"Tamala, maboti ndi osiyanasiyana. Dzulo ndinaloza lobiriwira, dzana loyera, lero ili. Koma iwe ukulemba zofanana masiku onsewa. Kuwerenga sindidziwa, koma maso ndili nawo. Ukundiuza chiyani, mwanangu?"

Ndinayang'ana kunyanja, ndinayang'ana kumtunda, kothawira kunalibe.

"Nena ndi pakamwa. Mchenga sindiumva."

Mawu anatuluka osasa, ngati chitseko chimene chakhala chosatsegulidwa dzinja lonse.

"Amama anamwalira."

Ndinadikira kuti chinachake choopsa chichitike. Palibe chinachitika. Asodzi ankakokabe boti, amayi ankakanganabe za mabeseni. Mayi Asiyatu anangoti, "Eya, anamwalira. Ndinalipo, ndinawagwira dzanja. Sabweranso, ndipo kunena zimenezo si tchimo." Pamenepo ndinalira kulira kumene sindinalire pamaliro, mpaka mpango wawo unanyowa. Nditatopa ndinawauza zonse, za amalume kuseri kwa nyumba ndi za Mzuzu. Sindinawaonepo atakwiya ngati tsiku limenelo.

Masana amenewo a Saidi atabwera, ndinagwada n'kuwapatsa moni. Anandiyang'ana, anayang'ana akazi awo, n'kuyankha moniwo ngati palibe chachilendo. Za kubwezedwa sizinatchulidwenso. Idi itatha ndinabwerera kusukulu.

Kunyumba kunalibe buku ngakhale limodzi la Chichewa, koma Mayi sanaone vuto. Chilichonse chokhala ndi zilembo chinkabwera kwa ine: thumba la feteleza, pepala la sopo, nyuzipepala zakale zokulungira nsomba. Iwo akutembenuza usipa, ine ndinkawerenga mokweza. Nyuzipepalazo zinkakhala zong'ambika, nkhani n'kuthera pakati, ndiye ankati, "Ndiyeno? Munthuyo anatani? Malizitsa wekha." Ndinkapeka mathero, iwo n'kutsutsa kuti munthu wanzeru sangachite zimenezo, tinkakangana mpaka usipa kuuma. Ndinazindikira ndili wamkulu kale kuti Mayi ankadziwa boti lililonse padoko lija, mwini wake, ngakhale apongozi a mwini wakeyo. Sankasowa wowawerengera maina.

Za Yotamu sanaiwale. Anakwera minibasi mpaka ku Kanyenda kukapempha kuti am'tenge, kapena kuti mwanayo auzidwe zoona. Amalume anawalandira bwino, koma anakana zonse ziwiri. Anati mwana akudya, wanenepa, ali ndi nsapato, nanga mlendo akufunanso chiyani? Ndipo sankanama. Amalume sanali munthu wankhanza, Yotamu sanagonepo ndi njala. Kungoti m'nyumba imeneyo mwana ankamva mawu a munthu wamkulu pokhapokha akamatumidwa. Madzulo aliwonse ankakhala m'mbali mwa msewu kuyang'ana minibasi zochokera kumpoto. Zoona anazimva kwa ana anzake pamjigo, akumuseka kuti akudikira munthu wa kumanda. Ine pomwe ndinaloledwa kukamuona, anali atasiya kufunsa chilichonse. Sukulu anailekeza Sitandade 2, aphunzitsi akuti ndi wogona.

Lero Yotamu ndi bambo wa ndevu, amagwira ntchito m'boti la eni. Ndi munthu wabwino, koma mukhoza kukhala naye tsiku lonse osamva mawu okwana m'dzanja. Ine ndinakhala mphunzitsi, ndipo chaka chilichonse m'kalasi mwanga mumapezeka mwana woleredwa kwa ena amene wangokhala duu. Omulera akabwera amayamba ndi kundiwerengera zimene amam'chitira: chakudya, yunifomu, sopo. Ndimawathokoza, chifukwa si zinthu zapafupi. Kenako ndimawafunsa kuti analankhula naye liti komaliza nkhani yosakhala yomutuma. Ena amati sanapite kusukulu, angam'thandize bwanji kuwerenga? Apo ndiye ndimalephera kudzigwira, ndimawauza za Mayi Asiyatu, amene anamwalira osadziwa kulemba dzina lawo.

Chaka chatha tinamanga chiliza cha amama ku Nkhunga. Anthu atabalalika, Yotamu anatsalira. Anagwada n'kuyendetsa chala pa zilembo za pamwala, pang'onopang'ono, mpaka anaima pamzere wa m'munsi.

"Achemwali, dzina lawo ndi ili?"

Chala chake chinali pa chaka chimene anamwalira. Ndinam'gwira dzanja n'kulikweza pamzere wapamwamba, ndipo ndinam'werengera dzinalo mokweza. Anandipempha kuti ndibwereze, ndinabwereza.

Tinatuluka m'mimba imodzi, tinataya mayi mmodzi, tonse tinadya n'kukhuta m'nyumba za eni. Ndikafufuza pamene njira zathu zinasiyanira, sindipeza nzeru kapena mwayi wa sukulu. Ndimangopeza kuti ine ndinali ndi munthu amene ankandifunsa funso n'kudikira yankho, pomwe mlongo wanga anadikira yekha pamsewu popanda womufunsa kuti akudikira ndani.