Ndinamata Tepi pa Kanyali ka Matayala

Ndalimba mtima kulemba izi ngakhale zimandichititsa manyazi, chifukwa chibwana changa chinatsala pang'ono kundiphera mkazi ndi mwana tsiku limodzi.

Ndimagulitsa mbewu ndi feteleza kudera la Nachisaka ku Dowa. Nditagula galimoto yanga yoyamba, yakale koma yooneka bwino, ndinayenda nayo miyezi ingapo popanda vuto. Tsiku lina ndikuchokera ku Madisi, padashibodi panayaka kanyali kachikasu, kooneka ngati kamphika kokhala ndi mzere pakati. Ndinabwerera kwa makaniko wina wachikulire pa Madisi pomwepo, ndipo anandiuza kuti kanyaliko kakutanthauza kuti tayala lina lachepa mpweya. Anayeza onse anayi ndi geji, kachipangizo koyezera mpweya, n'kupeza kuti lakutsogolo kumanzere ndi lomwe latsika. Analipopa, kanyali kanazima. Anandichenjeza kuti kakayakanso ndisangopopa, ndibwere adzalichotse n'kuliviika m'madzi kuti aone potuluka mpweya, chifukwa mwina lalasidwa ndi msomali.

Patatha masiku anayi kanayakanso. Ndinatsika, ndinaliyang'ana tayala lija, ndinaliponda ndi phazi, ndipo linkaoneka lolimba. Mnzanga wina wa kabaza anaseka n'kunena kuti magalimoto akalewa amangoyatsa tinyali popanda chifukwa. Ndinamvera iyeyo poti ananena zomwe ndinkafuna kumva. Inali nyengo yodzala, makasitomala ali mbwee, ndipo ndinaona ngati ulendo wa ku Madisi ungonditayitsa tsiku. Ndinkangopopa ndi pampu ya njinga ndikakumbukira. Kanyali kaja katayamba kundisowetsa mtendere, ndinadula katepi kakuda n'kumatapo. Inu owerenga, ndinatseka pakamwa pa chinthu chomwe chinkandichenjeza.

Mkazi wanga anali woyembekezera mwana wathu wachiwiri. Matenda anamuyamba kutatsala milungu itatu kuti masiku ake akwane, cha m'mawa, mvula itagwa usiku wonse. Apongozi anga akazi, omwe anabwera kudzamudikirira, anati madzi apita kale ndipo tisachedwe. Ndinawakweza kumbuyo n'kuuyatsa ulendo wa ku chipatala cha pa boma ku Ntchisi. Tayala sindinaliyang'ane n'komwe.

Tisanapite patali ndinamva chiwongolero chikukokera kumanzere. Ndinadziwa chifukwa chake, koma ndinadziuza kuti ndi matope. Mkazi wanga ankabuula. Ndinawonjezera liwiro. Tikutsika chitunda china chamiyala, ndinamva kuphulika, galimoto inatsetsereka chammbali n'kukakhala mu ngalande, mphuno yake itagunda khoma la ngalandeyo. Pang'ono chabe kutsogolo kwake kunali phompho.

"Bambo a Tadala, chachitika n'chiyani?" anafunsa mkazi wanga.

Ndinathamangira kumbuyo kukatulutsa tayala la sipeya, koma nalonso linali lophwa. Chigulireni galimoto ija ndinali ndisanaliyezepo. Foni inalibe netiweki. Ndinakwera chitunda ndikuthamanga, ndikutereraterera m'matope, mpaka ndinapeza pogwira netiweki n'kuimbira mwini lole wina wa kwathu. Anati afika, koma msewu ndi woipa.

Pobwerera ndinapeza amayi atatu omwe ankapalira chimanga chapafupi atasiya makasu awo, atatchinga galimoto ndi zitenje. Apongozi anasuzumira n'kundiuza kuti, "Apongozi, imani patali, mwana wafika kale pakhomo." Ndinaima pansi pa mtengo wa msuku. Ndinamva mkazi wanga akukuwa, kenako kunangoti zii. Chete ameneyo sindidzamuiwala. Ndinamva mayi wina akuti, "Mwanayu sakulira, mutikiteni msana, mutikiteni!" Ndinagwada m'matope. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji kamwanako kasanalire, ndipo kulirako kunali kofooka ngati kwa kamphaka.

Lole inafika dzuwa lili pamutu. Mkazi wanga anali atataya magazi ambiri, milomo itayera, sankathanso kuyankha bwino tikamuitana. Kuchipatala anamuwonjezera magazi, ndipo mwana anakhala masiku angapo m'chipinda cha ana ofooka. Onse awiri anachira. Anthu kumudzi ankandiyamikira kuti ndinagwira bwino chiwongolero, ena ankaimba mlandu msewu. Ine ndekha ndinkadziwa zoona.

Galimoto itakokedwa m'ngalande muja, makaniko wa ku Madisi uja atachotsa tayala long'ambikalo, anatulutsa msomali wa malata n'kuuika m'dzanja langa. Anati tayala loyenda lopanda mpweya wokwanira limadyeka m'mbali mwake mpaka limang'ambika, ndipo kumata bowo lija ikanakhala ntchito ya kanthawi kochepa. Atatsegula chitseko anaona tepi ija. Anangondiyang'ana. Madzulo a tsiku lomwelo ndinamuululira mkazi wanga zonse. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ndiye munkadziwa pomwe munkatikweza?" Mpaka lero funso limenelo limandidya.

Inu owerenga amene muli ndi galimoto, kanyali ka matayala kakayaka imani. Maso ndi phazi siziyeza mpweya. Yezani ndi geji matayala asanatenthe, muone mlingo wolembedwa pachitseko cha dalaivala, ndipo sipeya musaliiwale. Kakayakanso mutapopa, kafufuzitseni potuluka mpweya tsiku lomwelo. Ulendo wadzidzidzi sukupatsani mpata wokonza zomwe munazengereza, ndipo pa tsikulo kumbuyo kwanu kumakhala anthu amene akukudalirani osadziwa zomwe mwawabisira.